Makoko Olembedwa Mayina

Funsani aliyense wa pamsewu wa kumapiri, kuyambira kudoko ku Lae mpaka ku Hagen, adzakuuzani kuti Avusi Tokave sanatayepo katundu panjira. Ndinayamba ndi wilibala imodzi pamsika wa Kainantu, lero ndili ndi malole anayi olembedwa dzina langa pachitseko. Ndadya nkhanu ku Cairns, ndagula matayala ku Singapore kwa eni ake enieni, ndipo ku Manila ndinakwera nyumba yosanjikizana kamakumi asanu osachita chizungulire. Ndanyamula khofi, simenti, mabokosi a maliro, ngakhale injini ya ndege. Koma katundu amene ndimanyadira kuposa onse ndinamunyamula kumsana, wapansi, tsiku limene m'chigwa chonse cha Kofinaga munalibe mwamuna wina wolimba mtima kumukhudza ndi chala.

Loweruka lina masana ndinafika kwa achimwene anga a Onise ndi thumba la mpunga paphewa. Phokoso ndinalimva ndidakali pakhola la nkhumba. Nditalowa ndinapeza katoni itagubuduzika pansi, timatumba ta pulasitiki titamwazika mpaka kuchitseko. Mlamu wanga Tuma ankalira chamumtima pafupi ndi moto, ndipo mwana wawo wamkazi Kezia anali chogwada, akutola timatumbato kamodzikamodzi ngati mazira.

"Bwera uone, Avusi," anatero a Onise. "Ndiwe unalipira sukulu yake ya zojambulajambula ku Moresby. Ona zimene unagula."

Ndinatola kathumba kamodzi. M'kati munali khoko la buwai, mtedza umene kwathu timatafuna, lotafunidwa n'kutayidwa, lofiira ndi malovu a laimu. Pambali pake panali kapepala: "Hoya, mkazi wa Kefo. Ndinamuona akuyang'ana kumanda." Kena kanali ndi dzina la Kefo mwiniwake, bambo wa m'mudzi mwathu momwemo: "Mkazi wopanda mwamuna amadya chiyani?" Ndinadziwa pomwepo amene ankanenedwa. Anali Sinake, mayi wamasiye amene anthu anamupha pabwalo lathu chaka chatha pomuganizira ufiti.

Kezia anati imeneyo inali ntchito yake. Kwa miyezi itatu wakhala akukhala pabwalo pamene anthu amatchova juga ndi kutafuna buwai. Dzina la Sinake likatuluka pakamwa pa munthu, iye amasunga mawuwo m'mutu, ndipo anthu akabalalika amatola khoko limene munthuyo wataya.

"Ntchito yotola zolavula za anthu?" anatero a Onise. "Chiyambire makolo athu, wotola khoko la mnzake, kapena tsitsi, kapena khungu la mbatata imene wadya, amafuna chinthu chimodzi. Amakakulunga m'masamba n'kukwirira padambo kuti mwiniwake aziola nalo limodzi. Kwa alendo timabisa makoko athu m'chikwama. Pabwalo timataya poyera chifukwa tili pakati pa abale. Iwe walowa pakati pa abale n'kumatola, n'kulembanso mayina. Ngakhale mfiti yeniyeni silemba dzina."

"Mfiti imabisa, bambo," anayankha Kezia. "Ine ndikufuna dziko lonse lione."

Ndinamuuza kuti andifotokozere ine, munthu woona maiko. Anati nyumba ina yoonetseramo zaluso ku Brisbane, kutsidya kwa nyanja, yamupatsa chipinda chathunthu. Pakati adzaikapo mpando umodzi. Timatumbato tidzalendewera pa ulusi kuchokera kudenga, kuzungulira mpandowo, kufika pomwe pali maso a munthu wokhala pansi. Wolowa adzakhala pampandopo yekha, ndipo kulikonse kumene angatembenukire adzaona pakamwa pa munthu wina pakumunena.

"Amene anagwira chitsulo chamoto tsiku lophedwa Sinake lija anali anayi okha, bambo aang'ono," anatero. "Ena onse amati ife tinangolankhula. Ndikufuna munthu akhale pamene anakhala Sinake, aone kuchuluka kwa ongolankhulawo."

Kunena zoona, ndinasangalala. Ku Cairns ndinaonapo mzungu akugulitsa ndowa yadzimbiri yoikidwa pamwala, pamtengo wogulira nkhumba zitatu, ndipo anthu ankaiyang'ana atagwira zibwano. Ndinawauza achimwene kuti iwo sanapitirirepo Goroka, choncho sangamvetse. Iwo anati safuna kumvetsa, akufuna katoniyo ilowe pamoto dzuwa lisanalowe, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tuma anati mwanayo anali kale pakamwa pa anthu chifukwa cha mathalauza, mutu wometa ndi kukana amuna awiri amene anabwera ndi nkhumba. Tinakangana mpaka mbatata zinapserera m'phulusa. Pamapeto ndinagamula ine: katoni ibisidwe kudenga, pasatuluke mawu, ndipo ndikamabwerera kuchokera ku Hagen pakapita milungu iwiri ndidzatenga katoni ndi mwini wake yemwe kupita nawo ku Lae.

Amene anati pasatuluke mawu ndinali ine. Amene anawatulutsa ndinalinso ine, pasanathe ndi ola limodzi.

Pamphambano pamene msewu wa kumudzi umakumana ndi msewu waukulu pali timatebulo ta ogulitsa buwai. Ndinaima kuti ndigulire anthu, monga ndimachitira nthawi zonse. Kefo analipo ndi anzake. Atatafuna wanga yemweyo anayamba chipongwe.

"Bwana wa malole, mwana wa achimwene ako uja anataya chiyani? Amayenda chowerama ngati nkhuku yofuna chimanga. Kapena akufunafuna mwamuna pansi?"

Anthu anaseka. Wina anati ndalama za sukulu zija bola ndikanagula tayala. Ine mutu unatentha.

"Seka, Kefo," ndinatero. "Iweyo nyanja unangoimva pawailesi. Koma khoko limene umalavula likukwera ndege. Likaona Brisbane, lili ndi dzina lako, azungu atavala nsapato n'kumalipira pakhomo kuti alione. Mwana ameneyo wakutola iwe ndi mkazi wako yemwe, wakuikani m'thumba."

Kuseka kunatha. Kefo anayang'ana khoko limene linali m'dzanja lake, nalifumbata, naliika m'chikwama chake choluka. Mayi wogulitsa anayamba kusesa makoko a pansi pa tebulo ndi phazi, kuwakokera kwa iye. Ine ndinaganiza kuti ndawatseka pakamwa. Ndinaliza hutala kawiri pochoka, ndili wokondwa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Wanga sunatsate ine.

Patapita masiku asanu ndi anayi, Hoya mkazi wa Kefo anadwala. Thupi linatentha, m'mimba munatseguka, ndipo namwino wa pachipatala chaching'ono anati ndi taifodi, yochokera kuchitsime cha kumunsi kwa zimbudzi. Palibe anamumvera. Tuma anandiimbira foni Lachitatu ndili ku Hagen, akunong'ona, kuti miyala yayamba kugwa pamalata ndipo akazi anzake asiya kumuyankha moni. Ndinamuuza apereke foni kwa Kezia. Ndinalamula mwanayo kuti akwere basi yoyamba kupita ku Lae, makiyi a nyumba yanga akawapeza kwa mlonda.

Anakana. Anati akathawa ndiye kuti wavomera, ndipo moto udzagwera mayi ake. Kuotcha katoni anakananso. Anati Hoya akufunika mankhwala a kuchipatala chachikulu, ndipo ngati ndikufuna kuthandiza ndibwere ndi lole ndimutengere ku Kainantu. Ndinalonjeza kufika Lachisanu m'mawa.

Lachinayi munthu wina anandipatsa matumba mazana awiri a khofi pamtengo wabwino, oti ndipakire Lachisanu. Ndinati tsiku limodzi silipha munthu. Hoya anamwalira Lachinayi lomwelo, anamuika Lachisanu, ndipo ine ndinakhota pamphambano Loweruka dzuwa litakwera.

Patimatebulo ta buwai panalibe munthu. M'minda ya mbatata munalibe munthu. Utsi ndinauona ndidakali kutsidya kwa mlatho, ukukwera pabwalo.

Mudzi wonse unali pamenepo, ambiri atadzola matope kumaso chifukwa cha maliro. Kezia anali atamangiriridwa pamtengo wa ukonde wa mpira. Pambali pake pankayaka moto, ndipo m'motomo munali chitsulo cha sipuling'i ya galimoto. Anali atamuotcha kale zikhatho zonse ziwiri, amati manja amene anatola. Akazi atatu anapanikiza Tuma pansi. Katoni inali yotsegula pamapazi a Kefo, ndipo iye ankatulutsa kathumba kamodzikamodzi n'kuwerenga dzina mokweza. Mwini dzina ankabuula, ena ankagwira pamimba, mayi wina anakomoka. Mawu olembedwa pansi pa dzina sankawerenga.

Ndinalowetsa lole mpaka anthu anabalalika kutsogolo kwake, ndinazimitsa injini, ndinatsika. Nthawi yomweyo Kefo anakweza kathumba kena.

"Onise Tokave," anawerenga. "Mwamva? Bambo ake omubala."

Khamu linaomba ngati mvula ya pamalata. Achimwene anga anali ataima kumbuyo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Anabwera kutsogolo pang'onopang'ono, natenga kathumbako m'manja mwa Kefo, nawerenga kapepalako. Ndinasuzumira. Panalembedwa kuti: "Ife tingatani, anthu agamula."

"Ndi ine ndemwe, mwana wanga?" anafunsa.

"Munalipo, bambo," anatero Kezia. Mawu ake ankatuluka movutikira.

A Onise anabwerera kumtengo wa mapeyala, ndipo mnyamata wamkulu wa kwa Kefo anasolola chitsulo pamoto.

Ndakambirana mitengo ndi Amwenye, Matchaina ndi azungu, ndipo palibe anandigonjetsa. Ndikudziwa kuti munthu sumugulitsa chimene sakufuna. Ndinayamba ndi zoona. Ndinati izi ndi zaluso, ndinati Brisbane, ndinati namwino wanena taifodi. Mwala unandipeza paphewa. Kefo anati mkazi wake ali m'dothi, dzina lake lili m'thumba, ndipo amene anaulula zonse pamphambano ndi ine ndemwe. Ndinaona kuti zoona sizigulidwa pamsika umenewo. Ndinakwera pa sitepe ya lole kuti onse andione.

"Chabwino," ndinatero. "Mwagwira mfiti. Ipheni. Koma ndifunse, inu amene mayina anu atuluka m'katonimu: akafa ameneyu, adzaziziritse makoko anu ndani? Makolo athu anati womanga ndiye womasula. Phukusi limazizira likaikidwa m'madzi oyenda ndi dzanja lomwe linalikulunga. Mwaotcha kale manjawo. Mukamaliza, mudzatsatana ndi Hoya mmodzimmodzi."

"Bambo aang'ono, musanene zimenezo," anatero Kezia.

Sindinamuyang'ane. Ndinaona mantha akuyenda pankhope za anthu, ndipo ndinapitiriza kuwathirira. Wogwira chitsulo uja dzina lake linali litawerengedwa kale, ndipo dzanja lake linatsika. Akuluakulu anayamba kunong'onezana. Kefo anakuwa kuti mkazi wake sadzuka ndi madzi a mumtsinje. Ndinamuuza kuti misozi yake ndipukuta ndi nkhumba, ndipo aliyense wolembedwa dzina ndimupepesa ndi ndalama. Anafunsa kuti akhulupirira bwanji pakamwa pa munthu wokhala mumsewu. Ndinatulutsa makiyi a lole, ya matayala khumi, yatsopano, khofi ali momwemo, ndi kuwaponya pamapazi ake. Ndinati ikhale chikole mpaka ndidzabwere.

Anakambirana nthawi yaitali, dzuwa likutentha mwanayo pamutu. Pomaliza anagamula kuti nkhumba zikhale zisanu ndi ziwiri, ndalama zathu za kina zokwana 100 pa dzina lililonse, ndipo Kezia asadzapondenso m'chigwacho ali moyo kapena atafa.

Anamumasula n'kumutsogoza kumtsinje. Zala zake sizinkagwira, choncho ine ndinkang'amba kathumba, iye n'kukankhira khoko m'madzi ndi kuseri kwa dzanja, mwini dzina ataima pamtunda kuonetsetsa. Tinachita zimenezi mpaka katoni inatha. Timapepala tinayandama pang'ono, inki n'kusungunuka. Miyezi itatu ya ntchito yake inapita ndi madzi, ndipo sanalire. Atakankha lomaliza anagwa chafufumimba m'matope.

Ndinaitana amuna kuti tithandizane kumunyamula. Ndinatchula mayina a anthu amene ndinawalipirira ana awo sukulu, amene ndinawanyamulira maliro ulere kuchokera ku Lae. Onse anayang'ana kumbali. Tuma anafuna kubwera koma alongo ake anamugwira, amati akamukhudza ndiye kuti nayenso achoke. Ndinavula jekete langa la ku Singapore, ndinakulunga manja a mwanayo, ndinamubereka kumsana.

Kuchokera kumtsinje kufika pamsewu waukulu ndi maola awiri kwa munthu wopanda katundu, ndipo njira yake ndi yokwera. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi ndi mimba ya munthu wodya bwino. Sindinamutsitse ngakhale kamodzi. M'midzi imene tinadutsa akazi ankakokera ana m'nyumba. Titafika pakati pa chitunda anatsitsimuka, ndipo ndinamva mpweya wake pakhutu langa.

"Mwawauza kuti ndine mfiti."

"Ndawauza chimene chakusiya ndi moyo."

"Akadzagwira wina adzati ngakhale Avusi woyenda maiko anavomera kuti ufiti ulipo. Adzati tinaona ndi maso, anaziziritsa, ndipo sitinafe."

Ndinayenda kanthawi, kenako ndinamuuza za pamphambano, zonse monga ndinanenera, kuphatikizapo khofi wa Lachisanu. Anati za pamphambano anazidziwa tsiku lomwelo, chifukwa madzulo ake anthu anasiya kutaya makoko pabwalo. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Basi yoyamba inaima, woyendetsa anaona manja, anamva dzina la mudzi, nachoka. Yachitatu inatitenga nditagula mipando yonse ya kumbuyo.

Anakhala m'chipatala ku Lae milungu iwiri. Madokotala anapulumutsa manja, koma zala zitatu za kumanja sizipindikanso. Anthu a ku Brisbane anaimba foni kufunsa za katundu, ndipo ndinamumva akuwauza kuti chipindacho achipereke kwa wina. Kunyumba kwanga ankakhala pakhonde tsiku lonse, manja ali pamiyendo ngati zinthu zobwereka. Za bambo ake sanafunse. Mayi ake ankaimba foni ali kumunda, kumene kulibe makutu.

Tsiku lopita kukapereka chipepeso litafika, nkhumba zili kale pa lole ina, Kezia anandiitana. Anakankhira kope ndi cholembera kwa ine ndi chigongono.

"Ine sindingalembe," anatero. "Aliyense akamalandira, mulembe dzina lake ndi mawu amene anene. Musawonjezere, bambo aang'ono. Ndimakudziwani."

Ndinamufunsa ngati moto uja sunamukwanire. Anati papepala palibe malovu a munthu, ndipo palibe angaletse wolipira kulemba amene walandira.

Pabwalo anali atakhazika tebulo la kutchalitchi. Lole yanga inali pomwe ndinaisiya, magalasi athunthu, khofi yekha atachepa matumba angapo. Kefo anayendera nkhumba imodziimodzi, nakana ina kuti ndi yowonda, kenako nailandira. Anandibwezera makiyi, natambasula dzanja, ndipo ndinaligwira pamaso pa onse. Kenako mzere unayamba.

Anabwera atasamba, ena atavala za Lamulungu. Mayi amene anakomoka uja anati chiyambire tsiku la kumtsinje msana wake unasiya kupweteka. Ndinalemba. Wogwira chitsulo anati ndipereke moni kwa mlongo wake Kezia, palibe chakukhosi. Ndinalemba. Mkulu wina wa mpingo anati Mulungu andidalitse chifukwa chobweretsa mtendere. Wina anafunsa ngati mkazi wake, amene dzina lake silinapezeke m'katoni, sangalandireko theka poti nayenso ankachita mantha. Ambiri ananena mawu amodzimodzi amene akuluakulu anawauza: ndalandira, mtima wazizira. Dzanja langa linatopa, koma sindinadumphe munthu.

Dzuwa litapendeka patebulo panatsala ndalama ya munthu mmodzi. Anthu sanabalalike. Onse anatembenukira kumtengo wa mapeyala.

A Onise anali ataonda ngati munthu wochoka m'ndende. Ndinadziwa chimene chinali pamutu pawo. Akakana ndalamayo, anthu adzati ankadziwa za mwana wawo ndipo anali naye limodzi, ndiye moto ukafika panyumba, pamunda wa khofi ndi pa Tuma. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma apa khoswe ndi mkhate onse anali a nyumba imodzi. Anayenda mpaka patebulo. Ndinawayang'ana kumaso kuti mwina afunsa za manja a mwana wawo, ngakhale monong'ona. Abale a Kefo anali ataima pafupi kwambiri.

Anatambasula dzanja. Ndinaikamo ndalamayo.

"Ndalandira," anatero mokweza kuti a kumbuyo amve. "Mtima wazizira."

Ndinalemba dzina la achimwene anga ndi mawu awo, osawonjezera kanthu, ndipo ndinatseka kope. Tsiku limenelo ndinalipira Kofinaga zonse zimene anagamula pa mutu wa Kezia: nkhumba zisanu ndi ziwiri kwa Kefo, ndi kina 18,600 kwa anthu 186, womaliza kulandira ali bambo ake.